Dizilo m'Chitsime cha Apongozi

Abale ndi alongo, monire mose. Ndilankhula Chinyanja kuti aphunzitsi ndi anesi amene anachokera kumatauni amve nawo, pakuti ena a iwo ndinawagonekapo mumdima. Dzina langa ndine Laston Goma. Ndikuona kumbuyo uko mukugwedezana zigongono. Inde, ndine yemweyo, a Kulibe. Sekani momasuka, abusa sakwiya. Dzinalo palibe anandinamizira, ndinalipeza ndi pakamwa panga.

Abusa atandiuza kuti lero kubwera amalonda ambiri, ndinati ndipatseni mpata. Mwina pano pali munthu amene wagwira chinthu chimene anzake akuchisowa, ndipo usiku ndi usana akuganiza zowafinya. Ngati ulipo, m'bale wanga, tchera khutu, ndikuuze kumene njira imeneyo inandifikitsa.

Ine ndinali dalaivala wa lole yonyamula chimanga ndi mpunga kupita ku Lundazi. Boma litasintha ntchito inatha, ndinabwerera kunyumba, kunjira ya ku Kambombo, kwa mkazi wanga NyaZimba ndi mwana wathu Tamara. Chimene ndinatuluka nacho pa lole ndi kudziwa msewu ndi kudziwa kogula mafuta. Mukudziwa nokha kuti kuno ku Chama kunalibe malo omwetsera mafuta, ndipo mvula ikagwa msewu wa ku Lundazi umasanduka phala. Ndinayamba kubweretsa dizilo ndi palafini m'madiramu. Tinalipo anayi ochita malonda amenewa, ndipo poyamba tinkapikisana ngati anthu abwinobwino.

Mmodzi wa ife anali a Mvula, mphunzitsi wopuma pantchito, munthu wosasiyana ndi wailesi. Tsiku lina anatiitana pansi pa mtengo wa mango kwawo.

"Anyamata," anatero, "mwamva mmene amachitira maiko ogulitsa mafuta kunja uko? Sapikisana iyayi. Amakhala pamodzi n'kugwirizana kuti tonse titseke mipope pang'ono. Mtengo umakwera, dziko lonse n'kugwada. Manje ife tilipo anayi chabe, tikuchekana makosi chifukwa chiyani?"

Tinaseka, tinagwirana chanza, lamulo n'kukhazikika. Mtengo ukhale umodzi. Mvula ikatseka msewu, aliyense anene kuti mafuta kulibe, mpaka anthu alire mokwanira.

Abale, zinayenda. Ndipo mwa anayife, katswiri wa mawu amenewo ndinali ine. Akabwera mwini chigayo kufuna dizilo, ndinkaika manja kumbuyo, nkhope ngati ya pamaliro: "Pepani adada, kulibe." Akabwera nesi kufuna palafini wa firiji yosungira katemera wa ana: "Pepani amama, kulibe." Mphunzitsi wofuna kuyatsa nyali kuti achonge ntchito za ana, chimodzimodzi. Pakapita masiku ndinkatulutsa pang'ono ngati ndawachitira chifundo, iwo n'kumandithokoza uku ndikuwasenda khungu. Anthu anatitcha Mafumu a Mafuta, ine n'kumati ndi ulemu. Ndinagula jekete lachikopa m'dziko lotentha ngati lino. Mowa ndinayamba wa m'mabotolo, ndipo pamowapo ndinkalankhula za maiko a mafuta ngati ndi asuweni anga.

NyaZimba sanakondwere nazo ngakhale tsiku limodzi. Chigayo chikaima, iyenso ankasinja pamtondo pamodzi ndi amayi anzake, ndipo amayiwo ankadziwa kuti chigayo chaimitsidwa ndi mwamuna wa ndani. Ankandiuza, ponditchula mwakwathu kuti bambo a Tamara, "Awiske Tamara, anthu awa si nkhuku zanu. Tsiku lina adzapeza njira." Ine ndinkamuyankha kuti nkhani za malonda a dziko lonse si za kumtondo.

Njira anaipezadi. Boma litamasula malonda kwa aliyense, mnyamata aliyense wokhala ndi njinga anamanga zigubu pakaliyala n'kuyamba ulendo. Amayi anayamba kubwera ndi palafini wa m'mabotolo kudzera njira za ku Malawi. Kuchipatala anaika sola, firiji ija n'kusiya kumwa palafini. Makandulo anadzaza pamsika. Mwini chigayo anagwirizana ndi achibale ake a lole n'kumadzigulira yekha. Mvula inkagwa, ife n'kunena kuti kulibe, anthu n'kungoti "chabwino" n'kupitirira. Mawu amene ankagwetsa anthu maondo anasanduka moni chabe.

A Mvula anandipeza pamsika. "Goma, zatha izi. Wailesi ikuti ngakhale eni ake kunja uko zawathina. Maiko ena amene sali m'gulu lawo akumba zitsime zawo, ndipo a m'gulu momwemo akuberana, aliyense akugulitsa mobisa. Mtengo wagwa. Gulitsa zimene uli nazo, ulime mpunga."

Pamenepo ndi pamene ndinadziwa kuti anzanga atatu aja anali atayamba kalekale kugulitsira kuseri kwa nyumba. Wosunga lamulo ndinatsala ndekha. Munthu wanzeru akanaseka n'kuzisiya. Ine ndinapsa mtima. Ndinati amantha inu, kubwera mvula yaikulu imene njinga sizidzadutsa, ndipo tsiku limenelo Chama yense adzagwada kwa munthu mmodzi. Ndinagulitsa mbuzi, ndinagulitsa ngakhale jekete lija, n'kugula dizilo yodzaza madiramu akale amene ndinali nawo. Vuto linali pobisa, pakuti munthu wonena kuti kulibe sangakhale ndi madiramu pakhonde.

Manje mumvetse bwino apa. Kumunsi kwa nyumba yathu kuli dimba, ndipo m'dimbamo munali chitsime. Anachikumba ndi apongozi anga, atate ake a NyaZimba, amene anali mmisiri wa zitsime ku Chikwa. Atabwera kudzationa tili chikwatirane, anapeza mwana wawo akuyenda mtunda wautali kukatunga kumtsinje. Anangobwereka khasu. Anakhala nafe mpaka madzi atatuluka, anamanga njerwa m'kati, n'kubwerera kwawo. Chaka chotsatira anamwalira. Chitsime chimenecho chinkamwetsa mbali yathu yonse, ndipo NyaZimba ankachisamala ngati manda a atate ake: kulambula, kusesa, kuvundikira.

Kumtunda kwa chitsimecho kunali nthochi zowirira. NyaZimba atapita kumaliro ku Chikwa, ndinakumba dzenje pakati pa nthochizo, n'kugonekamo madiramu, n'kukwirira, n'kuwazapo masamba ouma. Ine dalaivala, wodziwa bwino lomwe chimene dzimbiri limachita ndi chitsulo m'dothi lonyowa! Koma ndinati ndi za miyezi yochepa.

Mvula yaikulu inabweradi. Mitsinje inadzaza, malole anatitimira. Koma njinga, abale, munthu amainyamula paphewa n'kuwoloka nayo. Zigubu zinafika. Ndinati tidikire dzinja linalo. Podikirapo mowa wa m'mabotolo unandikana, ndinatsikira ku kachasu. M'mawa kachasu, masana kachasu. Munda sindinalime. NyaZimba ndiye ankatidyetsa ndi tomato ndi mpiru za m'dimba. Tsiku lina ndinadzuka dzuwa lili paliwombo, ndili gone pakati pa msika, buluku litanyowa, anyamata a zigubu akundilumpha ngati chipika. Wina anafuula kuti, "Mfumu ya mafuta yatayikira!" Msika wonse unafa ndi phwete. Koma ngakhale pamenepo mumtima ndinkati sekani, simukudziwa chimene ndili nacho pansi.

Dzinja lachiwiri lili mkati, madzi a pachitsime anayamba kununkha. Poyamba amayi ankati ndi ndowa. Kenako pamwamba pa madzi panayamba kuoneka mitundumitundu ngati utawaleza. Tiyi anasintha kukoma, ana anayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba. Ine nditangomva fungo lija ndinadziwa. Ndinanamizira kusadziwa.

Kunabwera bambo wa zaumoyo kuchokera kuchipatala, munthu wa ku Kabwe. Anatunga, ananunkhiza, n'kuyang'ana anthu onse amene anasonkhana.

"Iyi ni dizilo," anatero. "Ndani ali na dizilo pafupi pano?"

Maso onse anatembenukira kwa ine. Ndinaika manja kumbuyo. "Ine bwana, mafuta ndinasiya kale. Kulibe."

Bambo uja anakhomera matabwa pachitsime n'kuletsa anthu kumwa. Amayi anabwerera kumtsinje, kumene njovu nazonso zimamwa, ndipo palibe ankapita yekha. Koma anthu safuna tsoka lopanda mwini. Mayi wina woyandikana nafe, NyaBotha, amene mwana wake anadwala kwambiri, anayamba kunena kuti NyaZimba ankatsukira zigubu za mwamuna wake pachitsime. Nkhani inafala. Mkazi wanga akafika kumtsinje, amayi ankasiya kucheza. Kumpingo anamuchotsa pa gulu lophika. Mayi amene anasamala chitsimecho zaka zonse anasanduka wopha ana a anzake. Ndinkamuona akubwera ndi ndowa pamutu, maso ofiira, ine n'kutembenukira kukhoma. Ndikuuzeni poyera, abale: ndinalola mkazi wanga asenze mlandu wanga, chifukwa ndinkaopa kutaya madiramu ndi kuoneka wabodza pamaso pa anthu amene ankadziwa kale kuti ndine wabodza.

Tsiku limene Mulungu anandigwira linali wamba. Ndinafika kunyumba masana, mutu ukuwawa ndi matsire, kukhosi kuli gwa. Ndinakhala pampando pakhonde n'kuitana madzi. NyaZimba anachedwa pang'ono. Kenako anatuluka atavala chitenje chake chapaulendo. Anagwada monga amachitira nthawi zonse, n'kundipatsa kapu ndi manja awiri.

Nditaifikitsa pamphuno, fungo linandimenya. Ndinayang'ana m'kapu, utawaleza uja uli yandayanda pamwamba. Anali madzi a m'chitsime chokhomedwa chija.

"Ichi n'chiyani?" ndinakalipa.

Iye sanadzuke. Mawu ake anali otsika, opanda mkwiyo. "Imwani, awiske Tamara. Munauza anthu kuti mafuta kulibe. Ndiye awa ndi madzi."

 Anapitiriza.

"Nthochi zauma malo amodzi okha. Ndinapita ndi khasu, khasu linalira pachitsulo. Ndadziwa kalekale. Ndimadikira kuti mwina mwamuna wanga anena yekha. Anthu anditukwana inu mukumva. Ndikanatha kuwaitana kuti adzaone, koma amene anakwirira ndiye afukule. Adada anakumba chitsime chija ndi manja awo kuti ine ndisavutike. Inu mwachipha."

Anadzuka, anatenga mtolo umene anali atamanga kale kuseri kwa chitseko, anagwira Tamara padzanja, n'kulowa njira ya ku Chikwa. Sanacheuke.

Ndinatsala ndi kapu m'manja. Sindidziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji. Nkhuku zinkadutsa, ana a anthu ankasewera patali, dziko likuyenda ngati palibe chachitika. Mumtima munabwera mawu akuti, ana a anzako amwa zimenezi, iwe ukuopa chiyani? Ndinamwa kamodzi. Zinandiwotcha pakhosi, ndinasanza pomwepo pakhonde. Ndikupukuta pakamwa ndinaganiza za mwana wa NyaBotha, kamwana koonda, kakumwa zimenezi tsiku ndi tsiku chifukwa amake anakapatsa ndipo kanakhulupirira. Ndinalira, abale, mwamuna wamkulu, kulira kotulutsa mamina. Ndinati Ambuye, ndakhala ndikudziyesa mfumu, koma ndine munthu wothira poizoni m'madzi a ana. Ngati mukadali nane ntchito, ndionetseni poyambira.

M'mawa mwake ndinapita kwa abusa ndisanalawe kanthu. Ndinawauza zonse, n'kupempha kuti Lamulungu ndidzalape kutsogolo kwa mpingo. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "A Goma, kutsogolo kwa mpingo n'kosavuta, tiimba nyimbo, anthu akukhululukirani, inu mupita kunyumba mutapepukidwa. Dizilo ikhala ikutsikabe. Yambani ndi khasu."

Ndiye choyamba chinali khasu. Ndinakaitana bambo wa zaumoyo uja, ndinaitana oyandikana nawo onse, n'kukumba dzuwa likuswa mtengo, onse akuona. Madiramu anatuluka atadyeka ndi dzimbiri, ena atabowoka ngati sefa, otsalawo dizilo itasakanikirana ndi matope. Chuma chimene ndinkati Chama adzachigwadira sichikanayendetsa ngakhale chigayo. Palibe anandimenya, ngakhale ndinkayembekeza. Bambo wa zaumoyo anangoti, "Mudala, dothi yonse iyi ichoke." Ndinaituta ndi wilibala kupita kumene anandilozera. Anandiuzanso mosabisa kuti chitsime cha apongozi chafa, mwina kwa zaka zambiri.

Chachiwiri chinali kuyeretsa dzina la mkazi wanga. Ndinayenda khomo ndi khomo kunena kuti NyaZimba sanadziwe kanthu pamene ndinkakwirira, wolakwa ndine. NyaBotha anamvetsera, n'kulavula pansi pafupi ndi phazi langa. Anati, "Mwandichimwitsa, ndatukwana mnzanga wosalakwa." Ndinayankha kuti ndi zoona. Ngati walakwira anthu, m'bale wanga, usapite kukawafotokozera zifukwa. Pita ukaime, alankhule.

Chachitatu kachasu. Musanamizidwe kuti ukapemphera ludzu limathawa. Manja ankanjenjemera, thukuta lili kamukamu, tulo osabwera. Ndinasiya kudutsa njira ya kwa mayi wotcheza, ndinkazungulira kutali ngakhale kukhale matope. Ndinagwa kamodzi, sindibisa, ndipo m'mawa mwake ndinapita ndekha kukauza abusa asanamve kwa ena. Chimene chinandithandiza kwambiri ndi kutopa. Munthu amene watuta dothi tsiku lonse amagona.

Chachinayi ntchito. Apa Mulungu ali ndi nthabwala zake. Anyamata a zigubu aja, amene anandigwetsa ufumu, njinga zawo zimathyoka masipoko tsiku lililonse chifukwa cha kulemera. Ine zitsulo ndimazidziwa. Ndinakhala pansi pa mtengo pamsika ndi sipanala ndi pampu. Yemwe uja anafuula kuti mfumu yatayikira ndiye anayamba kundibweretsera wilo. Lero ndimadya chifukwa cha iwo, ndipo ndimawathokoza. Akanapanda kundiphwanyira malonda aja, bwenzi ndikadali a Kulibe, wonenepa ndi wotayika.

Ndinapitanso ku Chikwa kukagwada kwa alamu anga. NyaZimba anakhala pamphasa chapatali, akusankha mpunga, osadzutsa mutu. Nditamaliza, alamu aakulu anati, "Mlongo wathu wamva. Bwererani." Sanandilonjeze kanthu, ndipo ndinalibe pakamwa pofunsira.

Chilimwe chitafika ndinayamba kukumba chitsime chatsopano, kutali ndi nthochi zija, pamalo amene bambo wa zaumoyo anasankha. Ine si mmisiri ngati apongozi. Dzenje linkapindika, dothi linkandigwera m'maso. Tsiku lina ndili pansi ndinamva mawu pamwamba: "Goma, tumiza ndowa." Anali a Mvula, atavula malaya. Anati, "Nzeru ija ndinabwera nayo ndine. Wailesi inandiuza mmene amakwezera mtengo, sinandiuze za zitsime." Kuyambira tsiku limenelo ankabwera kudzakoka dothi. Madzi anatuluka, tinamanga njerwa, a zaumoyo anayeza n'kunena kuti ndi abwino.

Koma palibe anabwera kudzatunga. Amayi ankadutsa pafupi ndi ndowa zawo, ulendo wa kumtsinje, osayang'anako n'komwe. Ankati madzi a Kulibe. Ndinamwa pamaso pawo, abusa analengeza kutchalitchi, osathandiza. Sindikuwaimba mlandu. Munthu amene wanama zaka zambiri, ngakhale madzi ake amaoneka abodza. Ndinkasesa pachitsimepo m'mawa uliwonse, n'kupita kumsika, pobwera n'kupeza mapazi anga okha. Apa mtima unatsala pang'ono kubwerera ku kachasu, chifukwa ndinaona kuti ndachita zonse zimene ndikanatha, ndipo sizinakwane.

M'mawa wina ndikusesa, ndinaona mayi akubwera ndi ndowa, kamtsikana kali pambuyo. Ndinadziwa kayendedwe kake asanafike. Tsache linagwa. NyaZimba sanandipatse moni. Anazungulira chitsime, anasuzumira m'kati, anagogoda njerwa ndi chala monga ankachitira atate ake. Amayi amene ankapita kumtsinje anaima panjira, NyaBotha ali pakati pawo. NyaZimba anaponya ndowa, anakoka, ananunkhiza nthawi yaitali. Anamwa. Kenako anatunga ndi chikho n'kupatsa Tamara, mwana wathu, onse akuona.

Ine ndinatola tsache lija. Iye anathira madzi mundowa yake, n'kundiyang'ana koyamba.

"Njerwa zanu zapindika," anatero. "Ndipo chingwe ichi n'chachifupi, awiske Tamara. Madzi akatsika mwezi wamawa ndizitunga ndi chiyani?"

Mwezi wamawa! Abale, ndinamva mawu awiri okhawo. Anasenza ndowa n'kulunjika kunyumba kwathu, Tamara akuthamangira kutsogolo. Asanafike n'komwe pakhomo, NyaBotha anali atatula ndowa yake pachitsime, enawo ali pamzere pambuyo pake.

Chitsime cha atate ake chikadali chokhomedwa matabwa. Mpaka lero NyaZimba sadutsa njira ya kumeneko, ndipo sanachitchulepo. Chimenecho sindingamubwezere, ndipo iye akudziwa kuti sindingathe, komabe anabwera. Ndi uyo wakhala apo pamzere wa amayi, akundiyang'ana ndi diso loti ndatalikitsa. Ndikuthokoza Mulungu amene sananditaye, ndipo pamaso panu nonse ndikuthokoza mwakwathu kuti, NyaZimba, yewo chomene.